Mwana Wobweza Mkaka Asamanidwe Bere

Pa tsiku la sikelo amayi a m'midzi ya m'mbali mwa Shire, m'dera la Mfumu Symon, amalawirira ku chipatala cha Matope dzuwa lisanatenthe. Mwa madandaulo amene anamwino ndi alangizi a zaumoyo amamva pa tsiku lotere, limodzi silisowa: mwana akangoyamwa, mkaka ukubwerera m'kamwa, nthawi zina ndi m'mphuno momwe. Mayi amaonetsa chitenje chonunkha mkaka ndi bulauzi yothimbirira paphewa. Kawirikawiri mayi wotere amafika atalangizidwa kale kumudzi. Apongozi ake anena kuti mkaka wake ndi wamadzimadzi, motero mwana ayambe phala. Mnzake wa pamjigo wanena kuti akagule botolo la gripe water pa Zalewa. Wina wanena kuti mkaka unasasa m'bere chifukwa mayiyo anatandala padzuwa kumunda.

Onsewa amalankhula chifukwa chokonda mwanayo, koma malangizo awo ndi olakwika. Mwana wosakwana miyezi 6 amene akubweza mkaka, koma akuyamwa bwino ndi kukwera sikelo, sasowa phala, sasowa mankhwala, ndipo sayenera kumanidwa bere. Nthawi zambiri chimene chimaika moyo wake pachiswe ndi zinthu zimene akuluakulu amamumwetsa pofuna kuletsa kubwezako.

Chifukwa chake mkaka umabwerera

Pamene njira ya chakudya yochokera kukhosi ikulowa m'chifu pali mnofu umene umagwira ntchito ngati chingwe chomangira pakamwa pa thumba. Mwa munthu wamkulu mnofuwu umatseka zolimba chakudya chikangodutsa. Mwa khanda umakhala usanakhwime, choncho umamasuka kawirikawiri. Kuwonjezera apo, chifu cha khanda ndi chaching'ono, njira yake ya chakudya ndi yaifupi, chakudya chake chonse ndi chamadzi, ndipo nthawi yambiri limakhala chigonere.

Kuchuluka kwa mkaka nakonso kuli ndi gawo lake. Khanda limamwa pafupifupi mamililita 150 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Mwana wolemera makilogalamu 5 amamwa mkaka wokwana ngati mamililita 750. Bambo wa makilogalamu 60 atati amwe mofanana ndi mwanayo, angafunike malita 9 pa tsiku. Atamwa madzi ochuluka chotero n'kugona chagada, iyenso angabweze.

Madokotala a ku Britain, m'malangizo awo a chaka cha 2015, analemba kuti ana osachepera 4 mwa ana 10 aliwonse amabweza mkaka, kuti zimenezi zimayamba mwana asanakwanitse masabata 8, ndi kuti mwa ana 9 pa 10 otere zimatha zokha chaka chisanathe. Kubwezaku kumafika pachimake mwana ali ndi miyezi ngati 4, ndipo kumayamba kuchepa akayamba kukhala pansi ndi kudya zakudya zolimbirapo. Mwana wa ku Matope ndi mwana wa ku London chifu chawo chimakula mofanana.

Mayi wodera nkhawa kuti mkaka wonse watayika ayese izi: atunge madzi supuni imodzi yaikulu n'kuwathira pa chitenje chouma. Adzaona kuti anyowetsa malo aakulu ngati chikhatho kapena kuposa. Mkaka umene mwana amabweza umaoneka wambiri pansalu, koma wochuluka umatsala m'mimba.

Phala losafika nthawi yake

Agogo ena adzati, “Ife tinalera ana athu ndi phala kuyambira mwezi wachiwiri ndipo anakula. Komanso mwana akadya phala kubweza kumachepa.” Mawu amenewa ayenera kuyankhidwa mwaulemu, pakuti muli choonadi. Chakudya cholimba chimakhazikika m'chifu kuposa mkaka, motero zobwerera m'kamwa zimachepadi. Koma mtengo wake ndi waukulu. Phala lamadzimadzi la ufa woyera limadzaza chifu chaching'onocho ndi chakudya chopanda mphamvu poyerekeza ndi mkaka wa m'mawere. Mwana wokhuta phala sayamwa kwambiri, ndipo bere limene silikuyamwidwa limachepetsa mkaka. Pakatha masabata ochepa mkaka umachepadi, anthu n'kumati, “Tinanena ife,” osadziwa kuti phalalo ndilo lauchepetsa.

Chachiwiri ndi madzi. Mkaka wa m'mawere umatuluka woyera ndipo uli ndi chitetezo cholimbana ndi tizilombo. Phala, madzi a mizu ndi tiyi zimadzera m'kapu, m'supuni ndi m'manja. Kudera lotentha ngati Matope, kumene mabanja ena amatunga madzi mu Shire mjigo ukawonongeka, imeneyi ndiyo njira ya matenda otsekula m'mimba. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'Malaŵi muno, unakumbutsa dziko lonse zimene madzi osatetezedwa angachite. Mwana amene amangobweza mkaka akuseka angathe kufika kuchipatala maso atalowa m'kati ndi liwombo litabira, chifukwa cha kapu imodzi ya madzi.

Zoonadi ana ambiri olera ndi phala anakula, koma ambirinso sanakule. Kafukufuku wa boma wa chaka cha 1992 anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana anayi aliwonse obadwa m'dziko muno ankamwalira asanakwanitse zaka 5. Pofika 2015 ndi 2016 anali mmodzi mwa ana 16. Zinthu zambiri zinathandiza, monga katemera, masikito ndi mankhwala a malungo, ndipo kuyamwitsa mwakathithi ndi chimodzi mwa izo. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linakhazikitsa mu 2001 kuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6 yoyamba, ndipo Unduna wa Zaumoyo umaphunzitsa chimodzimodzi. Chodandaulitsa n'chakuti chiwerengero cha ana osakwana miyezi 6 oyamwa bere lokha chinatsika kuchoka pa 71 mwa 100 mu 2010 kufika pa 61 mwa 100 mu 2015 ndi 2016. Mayi aliyense amene wayambitsa phala poopa kubweza mkaka amawonjezera kutsikako.

Kwa mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV nkhaniyi ndi yolemera koposa. Kusakaniza bere ndi zakudya zina mwana asanakwanitse miyezi 6 kumawonjezera mpata wakuti kachilombo kalowe mwa mwana. Mayi wotere amwe ma ARV ake mokhulupirika ndi kuyamwitsa bere lokha monga anamulangizira ku chipatala, ngakhale mwana akubweza.

Mankhwala a pagolosale

Gripe water ndi madzi otsekemera, ndipo palibe umboni wakuti amaletsa kubweza mkaka. Ndalama yake ingathandize koposa itagula mazira, usipa kapena nyemba zoti mayi woyamwitsa adye. Mabanja ena amapitirira apo: amaphwanya mapiritsi a chilungulira a akuluakulu n'kumwetsa khanda. Uku n'kusewera ndi moyo. Asidi wa m'chifu ali ndi ntchito yopha tizilombo tolowa ndi chakudya, ndipo ana opatsidwa mankhwala ochepetsa asidiyu amagwidwa msanga ndi matenda otsekula m'mimba ndi chibayo. Kafukufuku anaonetsanso kuti mwa makanda obweza mkaka mankhwalawa sachepetsa kulira. Ngakhale ranitidine, amene kwa zaka zambiri ankaperekedwa kwa makanda m'maiko ambiri, anachotsedwa pamsika ku America ndi ku Ulaya mu 2020 atapezeka ndi chinthu chimene chingayambitse khansa. Alipo ana ochepa amene asidi amawawotchadi kummero mpaka kukana bere ndi kuwonda. Ana oterewa mankhwala amawathandiza, koma woweruza zimenezo ndi dokotala amene wamuyeza mwanayo. Wogulitsa pagolosale alibe sikelo ndipo sanaphunzire za matenda a ana.

Za mkaka wosasa, palibe dzuwa limene lingasasitse mkaka m'bere. Mkaka wobwezedwa umaoneka ngati chambiko chifukwa wakumana ndi asidi m'chifu cha mwana, ndipo umo ndi mmene chifu chabwino chimagayira mkaka. Ngakhale mayi amene waima kachiwiri mwana akuyamwabe, mkaka wake suwola. Mayi asadzudzulidwe pa mlandu umene kulibe.

Zimene banja lingachite

Chithandizo chenicheni chilibe mtengo. Mayi ayamwitse kawirikawiri, kosachepera ka 8 usana ndi usiku, osadikira kuti mwana alire kwambiri, pakuti mwana wolira ndi njala amayamwa mothamanga ndi kumeza mpweya wambiri. Poyamwitsa, mutu wa mwana ukhale pamwamba kuposa mimba yake, kukamwa kuyasame bwino, chibwano chikhudze bere, ndipo mbali yaikulu ya malo akuda ozungulira nsonga ilowe m'kamwa. Ngati mayi akumva kuwawa kapena mwana akumveka kutsomphola, apemphe namwino kuti amuone akuyamwitsa.

Mwana akamaliza bere limodzi amutsamiritse paphewa ndi kumusisita pamsana mpaka ageye. Akatha kuyamwa akhale choimirira m'manja kwa mphindi 20 kapena 30. Imeneyi si nthawi yomudumphitsa, yomusambitsa, kapena yomumanga zolimba kumbuyo n'kuwerama naye polima. Thewera lisathine pamimba. Bambo wosuta fodya asutire kutali, chifukwa utsi wa fodya umawonjezera kubweza ndi chifuwa.

Pogona, mwana agone chagada pamalo osawofuwoka. Amayi ambiri amaopa kuti mwana wogona chagada adzatsamwa ndi mkaka, motero amamugoneka chafufumimba. Mwana wathanzi amatembenuza mutu, amameza kapena kukhosomola, ndipo satsamwa. Kugona chafufumimba ndiko kumene kumachulukitsa imfa zadzidzidzi za makanda ali m'tulo. Mapilo ndi nsalu zokweza mutu zisaikidwe pogona khanda.

Kusanza kumene sikudikira

Pali kulakwa kwinanso kofanana kukula kwake ndi koyamba kuja, ndiko kuyesa kusanza kulikonse chibwana cha chifu. Kubweza mkaka kumachitika mosavutikira: mkaka umangoyenderera, mwana ali wosangalala, akuyamwa bwino ndipo akukodza kosachepera ka 6 pa tsiku. Kusanza kwa matenda kuli ndi zizindikiro zake, ndipo mwana woonetsa chimodzi mwa izo apite ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku.

Masanzi obiriwira angatanthauze kuti matumbo atsekeka kapena apotana. Magazi m'masanzi kapena m'chimbudzi, mimba yotupa, kutentha thupi, kutsekula m'mimba, kupuma mothamanga, kukomoka, kufooka kosadzuka, kukana bere, kusanza chilichonse chimene walowetsa, liwombo lotukuka kapena lolowa m'kati, zonsezi ndi zoopsa. Malungo, chibayo, matenda oumitsa khosi ndi matenda a m'njira ya mkodzo angayambe ndi kusanza. Liwombo lolowa m'kati ndi chizindikiro chakuti madzi atha m'thupi, ndipo kumata mankhwala pamutu kumangotaya nthawi. Mwana amene wayamba kusanza atapitirira miyezi 6, kapena akubwezabe atakwanitsa chaka, nayenso akaonedwe.

Nthenda ina imabwera mwana ali ndi masabata 2 mpaka 8, makamaka mwa ana aamuna. Mnofu wa potulukira chifu umakula n'kutseka njira, ndipo mwana amasanza mwamphamvu, mkaka n'kugwera kutali, kenaka amafunanso bere ndi njala yaikulu koma akuwonda. Nthendayi siichira ndi mizu kapena mapiritsi. Imachira ndi opaleshoni yaing'ono. Kuchokera ku Matope mwana wotere amatumizidwa ku chipatala chachikulu, ndipo ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli chipinda cha opaleshoni ya ana cha Mercy James chimene chinatsekulidwa mu 2017. Wofika msanga amachira n'kukula ngati anzake.

Sikelo ndiyo mboni

Mkangano wa pakati pa mayi ndi apongozi ake suyenera kuthera pa amene ali ndi mawu amphamvu. Mboni yake ilipo, ndiyo mzere wa kulemera kwa mwana m'buku lake la kuchipatala. Mzere ukamakwera mwezi ndi mwezi, mkaka ukukwanira, ngakhale zitenje zikuchapidwa kawiri pa tsiku. Ukaima kapena kutsika, mwana ayezedwe bwino, ndipo ngati kuli kofunika atumizidwe ku Lisungwi kapena ku chipatala cha boma ku Neno. Boma la Neno lili ndi mwayi wakuti kuyambira 2007 bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo, ndipo m'midzi muli anthu ophunzitsidwa oyendera makomo. Mayi wokayikira awafunse iwowa kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake. Safunsa anadya phula.

Ogwira ntchito pa sikelo nawonso ali ndi udindo. Kuuza mayi kuti “zimenezo n'zachibadwa” osamufotokozera chifukwa chake kumamubweza kwa wogulitsa mankhwala. Ayenera kumuonetsa mzere wa mwana wake, kumuona akuyamwitsa, ndi kumutchulira zizindikiro zoopsa chimodzichimodzi.

Abambo ndi agogo ndiwo ali ndi mawu pakhomo, ndipo mayi wachitsikana sangakane phala limene apongozi ake aphika kale. Chotero pa tsiku la sikelo likubwerali agogo aperekeze mpongozi wawo ku Matope, aone okha pamene muvi wa sikelo waima, afunse zonse zimene zikuwadetsa nkhawa. Mwana akakwanitsa miyezi 6, phala la mgaiwa lothira nsinjiro lidzakhala ndi nthawi yake, ndipo palibe wodziwa kuliphika kuposa agogowo.