Kumanga m'mphepete mwa phiri la Mulanje: tachokera kutali, ntchito ikadalipo

Anthu a ku Phalombe ndi Mulanje amamudziwa napolo. Mu March 1991 madzi, miyala ndi matope zinatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi ndi anthu ambirimbiri. Patapita zaka 32, mu March 2023, namondwe Freddy anabweretsa tsoka lomwelo. Milatho inapita ndi madzi, chipatala cha Nkhulambe chinawonongeka, ndipo madera ngati Muloza, kumalire ndi Mozambique, anakhala masiku angapo osafikika pamsewu. Pakati pa zaka ziwirizi panadutsanso Idai mu 2019 ndi Ana mu 2022.

Tikaunguza m'mbuyo, pali zina zoyamikika. Lamulo la mu 2018 loletsa njerwa zootcha pa zomangamanga zikuluzikulu linabwera pofuna kuchepetsa chiwerengero cha mitengo yothera m'mauvuni. Pa madenga a masukulu, matchalitchi ndi nyumba zosungiramo katundu, zitsulo zikulowa m'malo mwa matabwa. Kudera komwe mkungudza wa m'phiri watsala pang'ono kutheratu, kusinthaku n'kofunika. Chitsulo chiswe sichidya, chimanyamulika m'zidutswa pamsewu wokwera, ndipo amisiri amachilumikiza m'masabata owerengeka. N'chifukwa chake milatho yachitsulo ya mtundu wa Bailey, yomwe inapangidwa koyamba ku Britain pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imakhala yoyamba kutithandiza madzi akadula msewu.

Komabe chitsulo pachokha sichipulumutsa munthu. Mlatho umagwa madzi akafukula nsanamira zake, ngakhale pamwamba pake pakhale polimba chotani. Denga lachitsulo losamangiriridwa bwino kukhoma limauluka ndi mphepo lonse lathunthu. Mulanje ndi dera la mvula yambiri ndi chiperoni, choncho chitsulo chosapakidwa penti chimachita dzimbiri msanga. Vuto lina n'lakuti mlatho woikidwa mongoyembekezera umatha zaka zambiri ukusenza malole olemera, popanda woyang'ana mabawuti ake. Tisaiwalenso kuti zitsulo zambiri timagula kunja, motero ndalama zakunja zikasowa, makontilakitala ena amathamangira zitsulo zopyapyala zotsika mtengo.

Kutsogoloku tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, makhonsolo afunse anthu okhala m'munsi mwa phiri asanasankhe malo omangapo. Agogo a m'midzi imeneyi amadziwa makwawa amene napolo anadutsamo, ndipo sukulu kapena chipatala zisamangidwenso m'njira yake. Chachiwiri, a Roads Authority ndi a Malawi Bureau of Standards aziyeza maziko ndi makulidwe a zitsulo ntchito ili mkati, ndipo ndalama zokonzera milatho ziziikidwa padera chaka chilichonse. Chachitatu, a TEVETA aphunzitse anyamata ndi atsikana a komweko kuwotcherera ndi kulumikiza zitsulo, kuti mlatho ukayamba kugwedera, wokonza apezeke ku Chiringa kapena ku Limbuli.

Mtsinje wa Muloza ndi malire a mayiko awiri, koma anthu a Muloza ndi a Milange ku Mozambique amagula pamsika umodzi ndipo amakwatirana. Msewu ukaduka, mbali zonse zimavutika, choncho Malawi ndi Mozambique ayenera kukonzera limodzi milatho ndi ngalande za m'derali. Nthawi yogwira ntchitoyi ndi chilimwe, pamene mitsinje yaphwa ndipo maziko akuoneka. Tikadikira dzinja, tidzamanganso mothamanga, ndipo anthu omwewo ndiwo adzalipire ndi miyoyo yawo.