Galimoto si bwato, abale

Inu madalaivala a ma Sienta pa msewu wa M5, kusefukira kwa Dwangwa mu 2024 sikunakuphunzitseni kanthu? Mukaona madzi akuyenda pamwamba pa msewu mumangoti "tiwoloka basi", mutanyamula anthu ndi matumba athu a mpunga.

Injini imapuma mpweya. Ikamwa madzi kudzera ku air cleaner, pisitoni singawapanikize, ndiye con rod imapindika, injini yatha. Ikazima m'madzimo musailizenso ayi! Ikankheni, makaniko achotse mapulagi, aone oilo. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, akhuthulidwe.

Nanunso achibale a ku Lilongwe, lekani kukakamiza dalaivala ati mufike msanga pa maliro. Mukufuna tilire kawiri? Dikirani madzi aphwe. Wofuna kuyenda pamadzi, mabwato ali kunyanja uko.