Kabotolo Konunkhira ndi Khosi Lotupa

Ulendo uno nkhani ndi ya abambo ndi anyamata, komabe amayi musafulumire kutsegula tsamba lina, pakuti kawirikawiri ndinu amene mumayamba kuona kuti nkhope ya bambo kunyumba yasintha.

Mwana wa mlongo wathu anabwera kuchokera ku Johannesburg kutatsala masabata atatu kuti amange nikaha. M'chikwama mwake munali kabotolo ka mafuta odzola munthu akatha kumeta, aja amalembedwa kuti aftershave balm. Fungo lake linkadzaza nyumba yonse. Anameta m'khosi ndi m'mphepete mwa masaya, nadzola. Tsiku loyamba panalibe kanthu. Lachiwiri khosi linayamba kuyabwa, ndipo lachitatu khungu linatupa n'kutuluka timatuza tamadzi. Iye anaganiza kuti cholakwa ndi lezala, choncho anagula lina, nametanso pomwepo ndi kudzola mowirikiza kuti aphe tizilombo. Atafika kuchipatala anamuuza kuti asiye zonse, koma pa tsiku la ukwati khosi linali lidakali ndi mawanga akuda. Paja akulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Kodi chimachitika n'chiyani? Pamwamba pa khungu lathu pali kachikuto kopyapyala kamene kamasunga chinyezi ndi kutchinga zoipa kuti zisalowe. Lezala silidula ndevu zokha ayi, limapalanso kachikuto kameneka ndi kusiya timabala tosaoneka ndi maso. Chilichonse chimene tidzola nthawi imeneyo chimalowa msanga. Mavuto amene amatsatira ali mitundu itatu, ndipo ndi bwino kuwasiyanitsa.

Loyamba ndi kuwawa kwa nthawi yomweyo. Mafuta ambiri otere amakhala ndi alcohol, amene ndi mtundu wa sipiriti, komanso menthol, uja amachititsa kuti khungu lizimveka kuzizira. Ambiri a ife tinakula tikukhulupirira kuti mankhwala akamaluma ndiye kuti akugwira ntchito. Si choncho. Kulumako ndi khungu lopalika limene likudandaula, ndipo sipiriti amaliumitsa kwambiri.

Lachiwiri ndi pamene thupi ladana ndi chinthu china cha m'botolomo. Ili ndilo linagwera mwana wa mlongo wathu. Siliyamba pomwepo, limadikira tsiku limodzi kufikira masiku atatu, n'chifukwa chake anthu salikayikira botolo. Kawirikawiri zoyambitsa ndi zonunkhiritsa, zimene pa botolo zimalembedwa kuti parfum kapena fragrance, ndiponso mankhwala oteteza mafutawo kuti asaonongeke. Amodzi mwa iwo, otchedwa methylisothiazolinone, anavutitsa anthu ambiri kotero kuti kuyambira mu 2017 maiko a m'bungwe la European Union analetsa kuwaika m'zodzola zokhalitsa pakhungu. Thupi likadana ndi chinthu chotere, nthawi zambiri siliiwala moyo wonse, ndipo vutoli likhoza kuyamba ngakhale ndi mafuta amene mwakhala mukudzola kwa zaka. Mawu akuti natural pa botolo asatinyenge, pakuti mafuta onunkhira a zomera nawonso amatupitsa khungu.

Lachitatu silichokera m'botolo konse. Ndevu za ambiri a ife n'zopotana. Tikameta mpaka kusalaza, nsonga yakuthwa ya ndevu imapindika pomera ndi kubaya khungu ngati kaminga. Pamenepo pamatuluka totupa tolimba m'khosi ndi pansi pa chibwano, ndipo tikapola timasiya mawanga akuda, mwina zipsera zotukuka. Palibe mafuta amene angathetse zimenezi ngati kametedwe sikasintha. Munthu akaleka kumeta kwa masabata atatu kapena anayi, totupa tambiri timaphwa tokha. Amene amasunga ndevu savutika nato pachibwano, koma m'khosi ndi kunkhongo kumene ometa amakonda kusalaza, vuto ndi lomwelo.

Tichite chiyani tsono?

1. Nyowetsani ndevu ndi madzi ofunda kwa mphindi ziwiri kapena zitatu musanamete, kenaka pakani thovu lokwanira. Kumeta pouma, monga timaonera padoko m'mamawa, ndiko kumapala khungu koposa.

2. Metani motsata kumene ndevu zaloza, osati mobwerera. Musakoke khungu, ndipo musabwereze lezala pamalo amodzi. Lezala likabuntha litayeni pamalo pamene ana sangalitole.

3. Ngati totupa timakuvutani, gwiritsani ntchito mashini kapena sizasi yosiya ndevu zotalika pafupifupi milimita imodzi.

4. Mukatha, tsukani ndi madzi ozizira, gunditsani thawulo loyera mosakhula, ndipo dzolani pang'ono Vaseline wopanda fungo. M'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala musachulutse, chifukwa mafuta ambiri pamodzi ndi thukuta amatseka timabowo ta khungu.

5. Mafuta atsopano ayeseni kaye pakamalo kakang'ono m'kati mwa mkono, kawiri pa tsiku kwa sabata yathunthu. Pakayabwa kapena kutupa, asafike kumaso.

6. Zonunkhira za tsiku la Ijumaa thirani pa chovala, osati pakhungu lometedwa kumene. Chimodzimodzi kukhwapa ndi malo obisika, kumene tinaphunzitsidwa kuti tisapyole masiku 40 osachotsa tsitsi: khungu la kumeneko n'lofewa, lipatseni tsiku limodzi lopuma. Pometa mwana wakhanda pa tsiku lachisanu ndi chiwiri, lezala likhale latsopano, ndipo pamutu pake pasafike sipiriti kapena zonunkhira.

Pali zinthu ziwiri zimene tikupempha kuti tisachite. Choyamba ndi kugula pamsika timachubu ta mankhwala amphamvu monga betamethasone ndi clobetasol, omwe ena amayeretsera khungu. Amaziziritsa kuyabwa masiku oyamba, koma pakapita nthawi khungu la kumaso limapyapyala, ziphuphu zimachuluka, ndipo ngati vuto linali chipere, chimafalikira. Chachiwiri ndi kubwerekana lezala, ngakhale bambo ndi mwana wake. Kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kuposa. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda kuno ku Malawi mu 2002, kutanthauza kuti ambiri amene tinabadwa chaka chimenecho chisanafike sitinabayidwe tili ana. Kachilombo ka HIV nakonso kamayenda m'magazi. Mtengo wa lezala limodzi sungafanane ndi mtengo wa matenda amenewa.

Mukaona mafinya, nkhanambo zachikasu, ndevu zikuthothoka mozungulira, kapena kuyabwa kosatha patapita sabata chisiyireni kudzola, pitani kuchipatala ndipo botolo lija mulitenge kuti adokotala awerenge zolembedwa pamenepo. Milomo kapena zikope zikatupa, kapena mukayamba kubanika, musadikire kuti kuche.

Mwana wa mlongo wathu anachira patapita masabata angapo, ndipo mawanga anazilala pang'onopang'ono. Kabotolo kaja anafuna kupatsa mng'ono wake pomvera chisoni ndalama zake, koma mkazi wake anakana nakataya kudzala. Ife tikuti mayiyo anachita bwino. Mpaka tidzakumanenso m'kope lotsatira, tsalani mu mtendere.