Akabaza ndi luso la pa sitandi: tisawaletse, tiwauze chifukwa

Amene munakwerapo kabaza pa Chitakale kapena pa Limbuli tsiku la msika mwina munachionapo ichi. Njinga yamoto yalowa m'kanjira ka pakati pa mabenchi a tomato ndi khoma la golosale, yatsitsa munthu, ndipo iyenera kubwerera komwe yachokera. Pokhotera palibe. Kutsogolo kuli mayi ndi dengu la nanazi, kumbuyo njinga zina zikuliza hutala. Mnyamata uja amatsika, n'kutsitsa sitandi ya m'mbali. Dzanja lamanzere pa handulo, lamanja pa kariyala, amaikokera njingayo kwa iye mpaka matayala atasiya nthaka, kenako n'kuizunguza ngati chitseko. Musanawerenge mpaka 10, mphuno yaloza komwe kunali mchira. Wakwera, wapita.

Ine ndinakulira ku Mulanje, ndipo achimwene anga akhala pa kabaza kwa zaka zinayi. Mbali ina ya fizi imene ndikuphunzirira pano imachokera pa njinga yawoyo, choncho sindilemba ngati munthu wongoonerera. Patchuthi chapitachi ndinatha masiku angapo ndili pa siteji yawo, ndipo ndinabwerako ndi ganizo limodzi. Kuzunguza njinga pa sitandi ndi luso lenileni, koma anyamata ambiri analiphunzira theka. Anaphunzira mmene manja amayendera. Chifukwa chimene chimachititsa kuti zitheke, ndi chimene chimachititsa kuti nthawi zina zipweteke munthu, palibe anawauza.

Kwa amene sanagwirepo njinga yamoto, ndifotokoze pang'ono. Njinga zimene zadzaza kwathu, kaya ndi Lifo, kaya Boxer, zimalemera pafupifupi makilogalamu 100 zisananyamule kanthu. Mukaiimika pa sitandi ya m'mbali, imayedzamira kumanzere n'kukhala pa mfundo zitatu: tayala lakutsogolo, lakumbuyo, ndi kaphazi ka sitandi. Kulemera kochuluka kumakhala pa matayala, sitandi imangothandizira. Tsono mukaikokera njingayo kumanzere mopitirira, pamafika poti pakatikati pa kulemera kwake pali pamwamba penipeni pa kaphazi kaja. Pamenepo matayala amapepuka, njinga yonse yaima pa mfundo imodzi, ndipo ngakhale mnyamata woonda amatha kuizunguza ndi ntchafu yake. Mphamvu sizifunika zambiri. Chofunika n'kupeza pamene yakhazikika. Mukaperewera, matayala amakwekwereza pansi. Mukapyoza, ikugwerani pamiyendo.

Izi tinaziphunzira ku sekondale m'kalasi ya Physics, ndipo ambiri tinaloweza tanthauzo la centre of gravity n'kukhoza mayeso popanda kuligwirapo ndi manja. Achimwene anga analekezera Fomu 2. Tanthauzolo sangalinene, koma amalipeza atatsinzina.

Pali mbali ina ya phunziro lomwelo imene pa siteji sinafike. Kulemera komweko kukaunjikana pa malo aang'ono, kumakanikiza kwambiri. N'chifukwa chake nsapato ya gogoda imamira pa udzu pomwe ya fulati siyimira. Kaphazi ka sitandi n'kosaposa bokosi la machesi, ndipo pamwamba sitandiyo yagwira pa fulemu ndi bawuti imodzi ndi kachitsulo kowotcherera. Anaipangira kuchirikiza njinga yoima. Pozunguza, imasenza njinga yonse, kwinaku ikupotoledwa. Kamodzi kapena kawiri siidandaula. Koma kangapo tsiku lililonse, miyezi n'kumapita, sitandi imayamba kupindika, bowo la bawuti limakula, ndipo kasipuling'i kamene kamaigwira m'mwamba njinga ikamayenda kamafooka.

Pa siteji ya achimwene panali mnyamata wina wamng'ono kwa ine, amene ankayendetsa njinga ya bwana wina n'kumapereka ndalama madzulo alionse. Lusoli analiona kwa akuluakulu, n'kulikonda. Ankazunguza paliponse, ngakhale pamene malo okhotera analipo, ngakhale thumba la chimanga lili chimangire pa kariyala. Sitandi itapindika anakaiwongoletsa kwa wowotcherera. Sipuling'i itayamba kulekerera anaimanga ndi mphira wa chubu. Tsiku lina akutsika kanjira ka m'munda wa tiyi atanyamula mayi wina, mphira uja unaduka pa mabampu, sitandi n'kugwa. Atafika pa kona yokhotera kumanzere, njinga itapendekera, sitandi inakumba pansi, tayala lakumbuyo n'kunyamuka. Mayiwo anathyoka mkono. Mnyamatayo anachubuka mwendo wonse, ndipo bwana uja analanda njinga. Pano akuthyola tiyi pa ganyu, nyengo ikalola.

Njinga zina zodula zili ndi kaswichi kamene kamazimitsa injini mukalowetsa giya sitandi ili pansi. Zambiri mwa zotsika mtengo zimene akabaza amagula zilibe. Chimene chimateteza munthu ndi kasipuling'i kaja basi.

Nditawafunsa achimwene kuti bwanji sanamuletse mnyamatayo, anandiyang'ana modabwa.

“Ndikanamuletsa chiyani? Tonse timapanga zomwezo.”

“Koma inu achimwene simuzunguza muli ndi katundu.”

“Eya, imalemera.”

“Nanga pa dothi lonyowa?”

“Imamira, iwe. Umagwa nayo.”

“Munamuuzapo zimenezo?”

Anaseka. “Zimenezo munthu amangodziwa.”

Apa ndi pamene pagona nkhani. Achimwene ali ndi malamulo awo m'mutu, ndipo ndi abwino. Azimitsa injini kaye. Atsitsa munthu ndi katundu yense. Ayang'ana ngati pansi pali pouma ndi polimba, chifukwa dothi lofiira la kwathu mvula ikagwa limameza sitandi, njinga n'kukugwera. Sazunguza pamtsetse. Ngati malo alipo, amangoikankha kutsogolo ndi kumbuyo kawiri mpaka itatembenuka, ngakhale zitenge nthawi. Malamulo onsewa anawagula ndi zipsera. Koma wophunzira pongoyang'ana amaona zimene katswiri akuchita. Zimene katswiri wasankha kusachita sizioneka ndi maso. Mnyamata uja anaona achimwene akuzunguza kasanu. Sanaone maulendo makumi awiri amene iwo anayang'ana pansi n'kusankha kukankha.

M'maphunziro athu a uphunzitsi timamva za Jean Lave, amene anafufuza mmene atelala a ku Liberia amaphunzitsirana ntchito popanda kalasi. Buku limene analemba ndi Etienne Wenger mu 1991, lotchedwa Situated Learning, likuonetsa kuti munthu amaphunzira ntchito poyamba kukhala m'mphepete mwa akatswiri, kenako n'kumayandikira pakati pang'onopang'ono. Pa siteji ya kabaza zimachitikadi choncho, koma mothamanga kwambiri. Telala woyamba amatha nthawi akusoka mabatani asanapatsidwe nsalu yoti adule. Wa kabaza amaphunzira kilachi ndi giya pa bwalo la mpira Lolemba, pofika Lachinayi wanyamula mayi ndi mwana kumbuyo.

Ndikudziwa zimene ena a inu mukuganiza, chifukwa mnzanga wa m'chipinda anandiuza kale. Akuti zonsezi ndi matama chabe, akabaza ndi anthu osamva, ndipo chofunika ndi apolisi, laisensi ndi helemeti. Pa helemeti ndi laisensi sinditsutsa. Lamulo lilipo: njinga yosapitirira 125cc imafuna laisensi ya A1, yaikulu kuposa pamenepo ya A, ndipo aliyense wonyamula moyo wa munthu ayenera kukhala nayo. Amene anakazondako wodwala ku wodi ya mafupa akudziwa kuchuluka kwa mabedi amene ngozi za kabaza zadzaza. Ndivomerezanso kuti matama alipo. Ena amazunguza njinga pakati pa msewu wotakasuka chifukwa choti atsikana a sukulu akudutsa.

Koma mawu oti matama samasulira zonse. Amene akunena choncho sanaone njira zimene akabaza amayendamo. Galimoto imathera pa tala. Kabaza amapitirira, kukalowa m'mizere ya tiyi ku Lujeri, m'tinjira tokwera m'munsi mwa phiri ku Likhubula, pakati pa nyumba zothithikana za pa Muloza. Namondwe wa Freddy atagumula milatho mu Marichi 2023, malo ambiri ankafikika ndi njinga zokha, ndipo m'malo ena njirayo inali kamzere kokhala ndi chigwembe mbali iyi, miyala mbali inayo. Njinga zimenezi zilibe giya yobwerera m'mbuyo. Ukafika pothera m'kanjira kotero, uli ndi zosankha ziwiri: kuikoka chafutambuyo mtunda wonse, kapena kuizunguza pomwepo. Lusoli linabadwa chifukwa cha njira zathu. Mukaliletsa osakonza njira, anyamata adzakuvomerani ndi mutu, n'kukapitiriza mukangotembenuka.

Ndipo kuletsa kopanda chifukwa kuli ndi vuto lina. Munthu akadziwa kuti chinthu chimagwira ntchito, inu n'kumuuza kuti n'choipa basi, amaleka kukukhulupirirani pa zina zonse. Mawa mukadzamuuza za helemeti kapena za kunyamula anthu atatu, adzati ndi omwe aja osadziwa za pamsewu.

Nkhani ya umwini nayonso ilipo. Achimwene njinga ndi yawo, anaigula movutikira, ndipo m'mawa uliwonse amaigwedeza sitandi kuti amve ngati ikusewera. Woyendetsa ya bwana alibe chifukwa chochitira zimenezo. Iye akuthamangitsa ndalama ya tsikulo, ndipo mphindi imodzi yokankha njinga ndi kasitomala amene mnzake wamutenga. Mwini njinga nayenso nthawi zambiri sayang'ana pansi pa njinga yake, amayang'ana ndalama. Sipuling'i yatsopano ndi yotsika mtengo, koma palibe amene akuona kuti kugula ndi udindo wake. Eni njinga ambiri ndi anthu apantchito, aphunzitsi ali momwemo, ndipo ena a ife tikadzayamba kulandira malipiro tidzagula njinga n'kupatsa mnyamata. Tidzakhale tikudziwa kuti sitandi yomangidwa ndi mphira ndi mlandu wathu.

Nanga tichite chiyani? Maganizo anga ndi oti maphunziro a akabaza apite pa siteji, ndipo ayambire pa zimene anyamatawo akudziwa kale. Si mfundo yachilendo. Aliyense wa ife anaimva chaka choyamba, kuti phunziro limachoka pa chodziwika kupita ku chosadziwika. A ku Malawi Institute of Education ku Domasi akhala akutiphunzitsa TALULAR, kugwiritsa ntchito zipangizo zopezeka pamalo pomwepo. Chipangizo choposa njinga ya mwini wake chingapezeke kuti? Muitane katswiri wa pa sitejiyo azunguze njinga anzake akuona. Kenako mumufunse mokweza kuti bwanji wayang'ana pansi kaye, bwanji watsitsa thumba. Ayankhe yekha, m'mawu ake. Mutenge sitandi yopindika kwa wowotcherera wapafupi, iyende m'manja mwa aliyense. Muike kathabwa pa dothi lonyowa, aone kuti sitandi yaleka kumira, ndipo muwafunse chifukwa chake. Pakutha pa theka la ola, anyamata aja amva phunziro la pressure bwino kuposa mmene ine ndinalimvera mu Fomu 2, ndipo khomo latseguka lokambira za mabuleki, liwiro pa kona ndi helemeti.

Oti achite zimenezi alipo. Masiteji ambiri ali ndi tcheyamani ndi komiti yotolera ndalama za maliro ndi matenda, ndipo mawu awo amamveka kuposa a mlendo wovala tayi. Bungwe la TEVETA lili ndi ndondomeko yovomereza luso limene munthu analiphunzira kunja kwa sukulu. Nthambi ya Road Traffic ikamapita m'maboma kukaphunzitsa akabaza ingapindule potenga akatswiri a pa siteji ngati othandizira, m'malo mowaika onse pa benchi limodzi ngati osadziwa kanthu. Ndipo ife amene tikupita ku teaching practice m'masukulu a kumidzi tidzapeza kuti anyamata ena a m'kalasi mwathu amayendetsa kabaza Lamlungu ndi patchuthi, ndipo ena adzathera komweko mayeso akatuluka. Ndikadzafika pa mutu wa centre of gravity, sindikufuna kujambula njerwa pa bolodi. Ndikufuna kubwereka njinga.

Ndisanabwerere kuno ndinawapempha achimwene kuti andiphunzitse. Tinapita pa khonde la simenti la golosale ina madzulo, makasitomala atachepa. Ulendo woyamba ndinaperewera, matayala anakwekwereza. Wachiwiri ndinapyoza, ndipo akanapanda kugwira kariyala, bwenzi njinga ili pa ine. Wachitatu ndinamva ikupepuka m'manja mwanga, ndipo ndinaizunguza mpaka theka.

“Basi, ikhazike,” anatero achimwene. “Sitandi yanga imeneyo.”

Anagwada n'kuigwedeza, n'kukoka sipuling'i kawiri. Anyamata awiri atsopano pa sitejiyo anali ataima chapafupi akuonerera. Ndinawafunsa achimwene, mokweza dala, kuti akuyang'ana chiyani. Anandiyang'ana kaye, kenako anayang'ana anyamata aja, n'kuwakodola kuti abwere adzagwire okha.