Motoka yakale isaloŵe mu mseu na penti cabe

Si zacilendo masiku ano kuona Peugeot 504 kapena Land Rover yakale ikudutsa ili yonyezimila ngati yangocoka kumene ku sitolo. Motoka imene inakhala zaka zambili pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikila mazila pa mpando wakumbuyo, ana a mwini wake aiutsa, aipaka penti, ndipo pa Ciŵelu ikunyamula mkwati. Ife tikondwela nazo. Munthu amene akonza cinthu ca atate ake m'malo mocigulitsa kwa ogula zitsulo aonetsa kuti analeledwa bwino. Koma tili ndi mau kwa eni ake a mamotoka amenewa ndi kwa makampani a inshuwalansi, cifukwa penti yokha siimitsa motoka pa mtsetse, ndipo silipila cipatala ca mwana amene wagundidwa.

Coyamba tivomeleze kuti mamotoka awa si zitsulo wamba. Peugeot 504 inatuluka ku France mu 1968, ndipo mu 1969 inasankhidwa kukhala motoka yopambana ya caka ku Ulaya. Mu 1975 Ove Andersson anapambana nayo mpikisano wa Safari Rally ku Kenya, pa miseu ya fumbi ndi matope monga yathu. Ku Ulaya analeka kuipanga mu 1983, koma ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiliza kuimanga mpaka zaka zoyambilila za m'ma 2000, cifukwa Afilika sinafune kuisiya. Land Rover inayamba mu 1948, ndipo mtundu wa Series III, umene ambili a ife tinakwelapo popita ku cipatala ca mishoni, unapangidwa kucokela mu 1971 mpaka 1985. Ngakhale kuno kwathu, m'zaka za m'ma 1970, ku Livingstone kunali fakitale yomanga mamotoka a Fiat. Amene asunga imodzi mwa izi asunga mbali ya mbili ya dziko.

Ena mwa eni ake, makamaka amene ali ndi acibale ku Britain, amafunsa kuti n'cifukwa ciani Boma lathu silicita monga acitila kumeneko. N'zoona kuti ku Britain motoka ikakwanitsa zaka 40 mwini wake angailembetse ngati ya mbili yakale n'kuleka kulipila msonkho wa pa mseu. Kucokela mu May 2018, motoka yotele sikakamizidwanso kupita kukapimidwa caka ndi caka, malinga ngati sinasinthidwe kwambili. Inshuwalansi yake nayonso nthawi zambili imakhala yochipa. Koma tifunse cifukwa cake. Kumeneko motoka yakale ndi ya pa Sondo. Imagona m'galaji, imatuluka dzuŵa likawala, ndipo mwini wake amalonjeza kampani kuti sadzapyola mtunda wakuti pa caka. Ku nchito apita ndi motoka ina. Kampani icepetsa mtengo cifukwa motokayo ikhala nthawi yocepa pa mseu.

Kuno si conco. Peugeot ya pikapu ya ku Sinda siidziŵa Sondo. Lolemba inyamula matumba a cimanga, Laciŵili feteleza, pakati pa usiku mai wodwala, ndipo kukagwa malilo ndiyo inyamula bokosi ndi oimba. Motoka imene igwila nchito yotele ifunika kupimidwa kwambili kuposa yatsopano. Conco ife sitigwilizana ndi amene afuna kuti mamotoka akale amasulidwe ku fitinesi. Lamulo lopangila anthu osunga motoka m'galaji likabwela kuno, adzapindula nalo ndi munthu wa mabuleki akutha amene anyamula anthu 15 kumbuyo.

Tsopano nkhani ya inshuwalansi. Lamulo la pa mseu la 2002, limene linakhazikitsa bungwe la RTSA, lifuna kuti motoka iliyonse yoyenda pa mseu wa anthu onse ikhale ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, imene timaicha third party. Silinena kuti motoka ya zaka 50 ndi nkhalamba, tiilekelele. Ambili timagula pepalali pofuna cabe kudutsa pa lodibuloko, ndipo sitiliŵelenga. Pepalali silikonza motoka yanu. Ndi la mnzanu: woyenda pansi, wa pa njinga, mwini mpanda umene mwagwetsa. Ndiponso lili ndi malile a ndalama zimene kampani ingalipile, olembedwa pa pepalapo. Khoti ikagamula zoposa pamenepo, zotsalazo zicoka m'thumba mwanu, ndipo ng'ombe zingapite. Amene ali ndi motoka yolema ngati Land Rover acite bwino kufunsa mtengo wokweza malilewo. Agule pepalalo ku kampani kapena kwa wothandizila amene ali ndi laisensi ya Pensions and Insurance Authority, osati kwa mnyamata woima pa geti ndi cikwama. Pepala labodza limaoneka bwino mpaka tsiku la ngozi.

Vuto lalikulu kwa okonda mamotoka akale lili pa inshuwalansi yoteteza motoka yeniyeniyo. Kampani ikamalipila motoka imene yapsa kapena yabedwa, imayang'ana mtengo umene ikanagulidwa pa msika tsiku limenelo. Pa mamotoka wamba mtengo umatsika caka ciliconse, ndipo m'mabuku a kampani motoka ya 1978 ili ngati ilibe mtengo. Koma mwini wake waika ndalama zambili: injini anaiphwasula yonse, mipando anasoketsa, magalasi a malaiti anaitanitsa ku Johannesburg kapena ku Nairobi atawasoŵa kwa ogulitsa masipeya ku Lusaka. Tsiku la tsoka kampani imupatsa ndalama zosakwana ngakhale matayala anai, ndipo mkangano uyamba. Mankhwala ake alipo ndipo si acilendo. Kumaiko kumene inshuwalansi ya mamotoka akale inakhazikika, mwini ndi kampani amagwilizana mtengo pa ciyambi. Katswili aiona motokayo, zithunzi zijambulidwa, malisiti aonetsedwa, ndipo mtengo ulembedwa m'pangano. Motoka ikatayika, ndalama ndi zomwezo. Mwini motoka afunse za pangano lotele asanasaine, ndipo yankho la pakamwa asalilandile. Malisiti a makanika wa pansi pa mtengo nawonso ndi malisiti: alembe m'buku, aike tsiku, asaine.

Pali msampha wina umene ambili sauona. Motoka yokongola imafunidwa pa maukwati, ndipo mwini wake ayamba kulipilitsa. Palibe coipa, munthu abwezeko ndalama za penti. Koma inshuwalansi ya motoka ya panyumba nthawi zambili imakana kunyamula anthu molipilitsa. Ngozi ikacitika mkwati ali m'kati ndipo kampani yadziŵa kuti panali malipilo, ingakane mlandu wonse. Uzani kampani nchito imene motoka igwila, ngakhale mtengo ukwele.

Ndipo motokayo ndi ya ndani? Mamotoka ambili akale ali m'dzina la munthu amene anamwalila kale. White book ikali kunena atate, pamene woyendetsa ndi mwana wacitatu, amene anangotenga makiyi pa malilo. Lamulo la 1989 la cuma ca amasiye limagaŵa katundu wa munthu womwalila wosasiya wilo motele: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, 10 kwa ena amene anali kudalila malemuyo. Motoka nayonso ndi cuma ca malemuyo. Amene anaikonza ndi ndalama zake asanakambilane ndi amai ndi abale ake wamanga nyumba pa munda wa eni. Kampani nayonso idzafunsa umboni wa umwini isanalipile. Banja likhale pansi, woyang'anila cuma ca malemu asaine, dzina lisinthidwe ku RTSA, ndiyeno penti ibwele pambuyo.

Za kayendetsedwe tinene mosabisa. Mnyamata amene anaphunzila pa Corolla ya otomatiki asaganize kuti adziŵa Land Rover ya Series. Mabuleki ake ndi a dilamu ku mawilo onse anai, ndipo pa mtsetse wautali monga wa Manenekela pa Great East Road amatentha n'kuleka kugwila. Akale anali kutsika na giya yaing'ono, osati na phazi pa buleki. Zambili zakale zili ndi njila imodzi cabe ya mafuta a mabuleki: paipi imodzi ikaphulika, mawilo onse anai amasuka pamodzi. Mafutawo amayamwa madzi m'kupita kwa nthawi, ndipo mapaipi a labala amauma ngakhale motoka ili cabe kuima. Mulibe cikwama ca mphepo cotulukila pa siteling'i. Lamba wa pa mpando wa nsonga zitatu, amene Nils Bohlin wa kampani ya Volvo anapanga mu 1959, m'mamotoka ambili akale kumbuyo kulibe. Muikeni musananyamule ana. Sizicotsa ulemu wa motoka.

Matayala anamiza ambili. Tayala limene lakhala zaka 12 m'nyumba lingakhale ndi mizele yonse, koma labala yake yafa. M'mbali mwake muli manambala anai otsilizila a cizindikilo ca DOT: aŵili oyamba ndi sabata, aŵili otsatila ndi caka. 2314 itanthauza sabata ya 23 ya 2014. Mukapeza manambala atatu cabe, tayalalo linapangidwa caka ca 2000 cisanafike, ndipo malo ake ndi pa ngolo ya ng'ombe. Petulo nayenso anasintha. Maiko a kuno kum'mwela kwa Sahara analeka petulo wa mtovu kuciyambi kwa 2006, ndipo mainjini ena akale, makamaka a mutu wa citsulo, anali kudalila mtovuwo kuteteza pokhala mavavu. Funsani makanika wodziŵa ngati injini yanu inakonzedwa pa mbali imeneyi. Malaiti akale ndi ofooka poyelekeza ndi a mathilaki a masiku ano. Ulendo wa ku Chipata uyambe m'maŵa. Ambili amabweletsa motoka kwa abambo kuti aidalitse ndi kupacika mendulo ya Kristofa Woyela pa galasi. Ndi mwambo wabwino, koma sitinamvepo wansembe akunena kuti madzi odalitsa aloŵa m'malo mwa mafuta a mabuleki.

Amene afuna kukaonetsa motoka kwa acibale ku Mchinji kapena ku Lilongwe akumbuke kuti third party ya kuno payokha siwoloka pa Mwami. Afunika Yellow Card ya COMESA, imene igulidwa ku makampani a inshuwalansi omwewo asananyamuke. Mozambique sili m'bungwe la COMESA, conco wopita ku Tete kudzela pa Chanida afunsiletu za inshuwalansi ya kumeneko.

Kwa makampani a inshuwalansi pempho lathu ndi ili. Musamucotse pa kauntala munthu wa motoka yakale na mau akuti buku lathu silifika caka cimeneco. Ikani poyela pangano la mtengo wogwilizana, nenani akatswili amene muwavomeleza kupima mamotoka otele, ndipo lembani zimene pepala likana m'cinenelo cimene mlimi wa ku Katete angaŵelenge yekha, osati m'Cingelezi ca tumalembo tung'ono kumbuyo kwa lisiti. A Pensions and Insurance Authority, amene apeleka malaisensi kwa makampaniwa, ndiwo angawafunse zimenezi.