Posankha Tebulo la Pabalaza

Amayi anzanga, mlendo akalowa m'nyumba maso ake amayamba kugwera pa tebulo laling'ono lokhala pakati pa mipando. Tsono ngati pabalaza panu ndi pochepa, sankhani tebulo lokhala ndi mosungira zinthu, kuti nyuzipepala, zoluka ndi tinsalu toyala zisamangoti mbwee.

Matebulo otere alipo a mitundu itatu. La shelefu m'munsi ndi lotsika mtengo, koma limasunga fumbi. La madirowa limabisa zinthu bwino. La chivundikiro ngati bokosi mumalowa zambiri, komabe potsegula muyenera kuyamba mwachotsa makapu onse, ndiponso limapana zala za ana.

Musanapite kwa mmisiri, yezani chipinda chanu. Msinkhu wa tebulo ulingane ndi pokhalira pa mpando, masentimita 40 mpaka 45, ndipo pakati pa tebulo ndi mpando patsale mpata wonga womwewo, kuti dirowa isamagunde mawondo a alendo.

Funsaninso za matabwa. Mlombwa ndi mbawa zimakhalitsa. Paini ndi wotchipa, koma chiswe sichimuchitira chisoni. Thabwa laliwisi limapindika pouma, ndipo dirowa yothina m'chilimwe idzakaniratu dzinja likafika, pakuti chinyezi chimatupitsa matabwa. Kokani dirowa iliyonse musanalipire. Ngodya zikhale zobulungira chifukwa cha ana ophunzira kuyenda.

Mankhwala, machesi ndi malezala musasungemo, pakuti ngakhale mwana wokwawa amafikira. Ndalama za banja zimapezeka movutikira, choncho musakopeke ndi kunyezimira kwa vanishi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.