Musatengeke ndi nkhani ya O.J. Simpson

Achinyamata anzathu, ena mukuti lamulo loletsa kuzenga munthu kawiri pa mlandu umodzi lichotsedwe chifukwa cha O.J. Simpson. Ife takana.

Inde, pa 3 October 1995 khoti la ku Los Angeles linamumasula pa mlandu wopha Nicole Brown ndi Ron Goldman. Mu 1997 khoti lina linamulamula kulipira mabanja awo $33.5 miliyoni, koma kumuzenganso zakupha sizikanatheka. Zimawawa, tikudziwa.

Komatu anamupulumutsa ndi maloya odula ngati Johnnie Cochran, kuphatikiza wapolisi Mark Fuhrman amene ananama m'khoti. Lamuloli likachoka, boma lizingokuzenga mpaka lipambane. Mpondamatiki angolembanso maloya ena basi. Nanga iwe wakabaza, ulendo wachitatu akuyimira ndani?